FUNSANI A NAMWINO: Shuga wa mphaka wanga sakutsika

Sabata ino malo ambiri ndapereka ku kalata imodzi yochokera konkuno ku Mwanza. Ena mukangoona mutu wake museka, koma werengani mpaka kumapeto, makamaka inu amene pakhomo panu pali munthu wobaya jakisoni wa shuga.

Okondeka a Namwino,

Ndine mayi wamasiye wa zaka 59. Ndimakhala kufupi ndi boda ya Mwanza ndipo ndimachita geni ya manachesi ndi kaunjika. Ndakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 9, ndipo zaka zitatu zapitazi ndakhala ndikudzibaya insulini mmawa ndi madzulo. Koma vuto lomwe ndakulemberani si langa ayi, ndi la mphaka wanga.

Dzina lake ndi Kapitawo, wamwamuna wofula, ali ndi zaka 11. Anabwera naye malemu amuna anga ali kamwana kuti azitigwirira makoswe. Pano ana onse anachoka, wina ali ku Joni wina ku Lilongwe, moti madzulo timakhala awiriwiri ndi iyeyu basi.

Anali wonenepa zedi. Koma chaka chino anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza paliponse, nyerere n'kumadzadza pamkodzopo. Kudya amadya kwambiri koma akuonderaondera. Ndinazindikira msanga chifukwa ndi mmene zinandiyambira inenso. Mwana wanga wa ku Joni atatumiza ndalama ndinamuika mubasiketi n'kupita naye kwa dotolo wa ziweto ku Blantyre. Atamuyeza magazi ndi mkodzo anati ndi shuga. Anandipatsa botolo lolembedwa Caninsulin ndi masirinji a chivindikiro chofiira, nati ndizimubaya pa 2 mmawa ndi madzulo, ndipo ndibwerenso pakatha sabata ziwiri. Sindinabwerereko kamba ka thiransipoti, komanso anali atayamba kupeza bwino.

Patatha mwezi masirinji ofiira aja anatha, ndiye ndinayamba kugwiritsa ntchito anga omwe ndimalandira kuchipatala, pa 2 pomwepo. Posakhalitsa ludzu lija linayambiranso. Ndinakweza kufika pa 3, kenako pa 4, koma osasintha. Botolo lake litatha patatha miyezi inayi ndinayamba kumugawira insulini wanga, pa 4 pomwepo. Tsiku lachitatu sanadye bwino mmawa koma ndinamubayabe. Pobwera kumsika masana ndinamupeza ali thapsa pakhonde, akunjenjemera, dovu lili chuu. Ndinamupaka madzi a shuga mkamwa mpaka anatsitsimuka. Pano ndili ndi mantha, moti tsiku lina ndimamubaya, lina ayi. Miyendo yakumbuyo yayambanso kufooka.

Amadya nsima yofinyira mumsuzi wa usipa, mkaka ndi buledi wonyika mu tiyi. Magetsi akamavutavuta mabotolo athu ndimawaika mchipinda cha ayezi cha filiji kuti azizire kwambiri. Chinanso ndiulule, insulini wanga sakufikanso tsiku la sikelo yanga, ndiye madzulo ena ndimachepetsa kapena kudumphitsa.

Alamu anga akuti ndikuononga ndalama, ndikamutaye kutchire kapena ndimuthirire tameki. Ena akunong'ona zoti mphaka wobayidwa jakisoni ndi wa ufiti. Kodi ndimuwonjezere mankhwala? Kodi shugayu ndinamupatsira ndine? Ndithandizeni.

Mayi E.K.,
Mwanza Boda.

Zikomo mayi E.K.,

Pepani ndi mavutowa, ndipo mwachita bwino kufotokoza zonse mosabisa. Safunsa anadya phula. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mnyumba mwanumo muli odwala awiri, osati mmodzi. Ndiyamba ndi amene sangagulidwe pamsika, ndiye inuyo.

Lero lomwe lekani kugawana insulini ndi mphaka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mayuniti 4 mmawa ndi 4 madzulo ndi 8 patsiku, pamwezi ndi 240. Botolo la mamililita 10 lomwe mumalandira kuchipatala limakhala ndi mayuniti 1,000. Ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a botolo lanu likupita kwa Kapitawo. N'chifukwa chake silikufika. Jakisoni wa madzulo amene mukudumphitsayo simumva kuwawa kwake lero, koma shuga akamakhala pamwamba usiku ndi usiku amadya maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. Pa zaka zomwe ndinagwira ntchito mmawodi, anthu omwe ankadulidwa zala ndi miyendo ambiri sanali okana mankhwala ayi, anali ongodumphitsa apa ndi apo. Pitani ku kiliniki yanu ya shuga sabata ino, musadikire tsiku lolembedwa mbuku, ndipo mukawauze zoona zokhazokha. Akangoona shuga wokwera osadziwa kuti mumadumphitsa, akuwonjezerani mlingo, ndipo tsiku lomwe mudzabaye wonse mudzagwa ngati mmene anagwera mphakayo. Komanso singano yomwe yalowa pakhungu la chiweto isalowenso mthupi mwanu kapena mbotolo lanu.

Funso lanu loti mwina munamupatsira, yankho ndi ayi. Shuga sapatsirana, kaya pakati pa anthu kaya pakati pa munthu ndi chiweto. Amayamba pamene kapamba walephera kutulutsa insulini wokwanira, kapena thupi laleka kumumvera insuliniyo. Shuga wa amphaka amafanana kwambiri ndi uja wa anthu akuluakulu, ndipo amakonda amphaka okalamba, onenepa, aamuna ofula, ongokhala pakhonde. Kapitawo ali nazo zonsezi. Sanatengere kwa inu, koma tinganene kuti anatengera mbale yanu. Za mbalezo tikamba kutsogoloku.

Tsopano funso lalikulu, kodi muwonjezere mankhwala? Ayi mayi, ayi ndithu. Shuga akakana kutsika, kaya mwa munthu kaya mwa mphaka, anthu timathamangira kuganiza kuti mankhwala achepa. Nthawi zambiri vuto silikhala mlingo. Limakhala pa sirinji, pa kasungidwe ka botolo, pa chakudya, pa nthawi yobayira, kapena pali matenda ena obisala. Nkhani yanuyi zinayi zoyambazo zilimo zonse.

Tiyambe ndi sirinji, chifukwa ndi yomwe inatsala pang'ono kukupherani mphaka. Insulini ali ngati sobo, wina ndi wosungunula wina ndi wokandapala. Caninsulin ali ndi mayuniti 40 pa mililita imodzi, ndipo pabotolo pake pamalembedwa 40. Insulini wa anthu amene timalandira mzipatala ali ndi mayuniti 100 pa mililita imodzi. Aliyense ali ndi sirinji yake. Ya chivindikiro chofiira ija imalembedwa U-40, yanu ija imalembedwa U-100. Manambala a pasirinji ziwirizi amaoneka ofanana koma sayeza mofanana.

Ndiye taonani zomwe zinachitika. Mutayamba kukoka Caninsulin ndi sirinji yanu mpaka pa 2, mphaka samalandira mayuniti awiri ayi, amalandira 0.8, osakwana ndi imodzi yomwe. N'chifukwa chake ludzu linabwerera. Mutakweza kufika pa 4 amalandira 1.6, wosafikabe pa mlingo womwe dotolo analamula. Tsiku lomwe munathira insulini wanu musirinji yanu mpaka pa 4, apo ndiye analandira mayuniti 4 enieni. Kuchoka pa 1.6 kufika pa 4 tsiku limodzi, kamthupi ka makilogalamu atatu kapena anayi, chosadya. Sikuti matenda anakula ayi, shuga anatsikitsitsa. Mukanachedwa kumsika kuja bwenzi tikunena zina.

Lamulo lake n'losavuta ndipo likukhudzanso anthu: nambala ya pabotolo ifanane ndi nambala ya pasirinji. 40 ndi 40, 100 ndi 100. Musadalire mtundu wa chivindikiro wokha, werengani. Amene mumalandira mankhwala kuchokera kwa abale akunja kapena kugula tsidya la boda, yang'anani zimenezi musanabaye.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Insulini amaopa zinthu ziwiri, dzuwa ndi ayezi. Akangouma kukhala ayezi kamodzi kokha, waonongeka, ngakhale asungunuke n'kumaoneka bwinobwino. Botolo lililonse lomwe linagonapo mchipinda cha ayezi muja, lanu lomwe, musalikhulupirirenso. Mukanene kuchipatala. Malo ake ndi mkatikati mwa filiji momwe timaika ndiwo zamasamba, pozizira madigiri 2 mpaka 8, botolo litaimirira. Magetsi akazima musade nkhawa, ingolekani kutsekulatsekula chitseko. Amene mulibe filiji, kumbukirani nzeru ya makolo: mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, botolo mukachitini kotseka bwino pakati pa mchengawo, mtsukowo pamthunzi podutsa mphepo. Mu 2021 bungwe la MSF pamodzi ndi sukulu ya ukachenjede ya Geneva anasonyeza kuti insulini wa anthu wotsekula kale amasungabe mphamvu kwa sabata zinayi kumalo otentha ngati kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, komwe kumatentha masana n'kuzizirako usiku. Ndiye kuzima kwa magetsi kwa maola ochepa sikoopsa ngati ayezi.

Botolo lotsekula silikhalanso mpaka kalekale. Malinga ndi mtundu wake, limayenera kutha ntchito pakatha sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. La Kapitawo linakhala miyezi inayi. Lembani deti pabotolo tsiku lomwe mwalitsekula. Insulini wooneka ngati mkaka amafunika kusakaniza mpaka aoneke chimodzimodzi paliponse musanakoke, ndipo mukaona timibulu tosasungunuka, tayani. Mwana wanu akafuna kutumiza mankhwala pabasi ya ku Joni, akumbukire kuti ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ndi wautali, ndipo kutentha kwa ku Tete tonse timakudziwa. Asaike mchikwama cha pansi pa basi. Aike mkabokosi kozizira, botolo litakulungidwa kansalu kuti lisagunde ayezi, ndipo likhale ndi munthu mkati.

Chachitatu, chakudya. Apa ndi pomwe ndinati anatengera mbale yanu. Mphaka si munthu, si galunso. Thupi lake linapangidwira nyama, ndiye mbewa ndi makoswe aja ndiye nsima yake yeniyeni. Nsima, buledi, mpunga ndi tiyi wa shuga zikalowa mthupi zimasanduka shuga yemwe mukulimbana nayeyo. Kubaya insulini uku mukumupatsa buledi wa mu tiyi kuli ngati kukolopa mnyumba mpopi uli chitsekulire. Mkaka nawo amphaka ambiri aakulu umawatsegula mmimba.

Mpatseni usipa kapena matemba oviika mmadzi kuti mchere uchoke, kenako owiritsa. Mitima ndi nthutumba za nkhuku, zotsalira za kubutchala zopanda mafuta ambiri, dzira lowiritsa, ndi kachiwindi pang'ono kamodzi pasabata, osati tsiku lililonse. Nsomba zikhale zophika, osati zaziwisi, ndipo asamadye nsomba zokhazokha. Ngati thumba lilola, zakudya za amphaka za mzitini zomwe zimapezeka mmasitolo a ku Blantyre zimaposa zouma za mmapaketi zija, chifukwa zoumazo zimachuluka ufa. Msuzi wa mumphika wanu ayi, chifukwa anyezi ndi adyo amaononga magazi a mphaka. Madzi akumwa asasowe ngakhale akukodza kwambiri. Kumumana madzi n'kumupha.

Koma chenjerani apa. Mphaka akasiya nsima n'kuyamba nyama, shuga amatsika yekha, ndipo insulini yemwe amafunika amachepa. Choncho kusintha chakudya kuyendere limodzi ndi dotolo, mwapang'onopang'ono kwa sabata imodzi, osati lero nsima mawa nyama jakisoni ali yemweyo.

Chachinayi, nthawi. Jakisoni wa mphaka amabayidwa kawiri patsiku motalikirana maola 12, mwachitsanzo 6 koloko mmawa ndi 6 koloko madzulo, tsiku lililonse. Zomubaya lero mawa ayi zikungomuzunguza. Yambani mwamupatsa chakudya, muone kuti wadya, kenako bayani. Akakana kudya kapena akasanza, musabaye, imbirani dotolo. Tsinani khungu la mmbali mwa chifuwa kapena la pamimba chammbali, lowetsani singano pansi pa khungu, ndipo muzisinthasintha malo ngati mmene mumachitira inu. Mukamaliza sisitani ubweya. Mukapeza panyowa kapena mukakayika ngati mankhwala alowa, musabwereze. Dikirani nthawi yotsatira. Shuga wokwera amapha pang'onopang'ono, shuga wotsika amapha tsiku lomwelo. Mawu amenewa muwasunge, ndi anu omwe.

Zizindikiro za shuga wotsika mwaziona kale: kufooka, kudzandira ngati woledzera, kunjenjemera, dovu, maso kungoti tong'o, kenako kukomoka. Munachita bwino kumupaka shuga mkamwa. Uchi ndiye wabwino koposa. Pakani ndi chala pankhama, osathira madzi kukhosi kwa chiweto chokomoka chifukwa chingatsamwe. Akadzuka mpatseni chakudya, ndipo musabayenso mpaka mutalankhula ndi dotolo. Mbali inayo, mukaona kuti wasiyiratu kudya, akusanza, wangoti khuma ndipo mkamwa mwauma, ndiye kuti shuga wakwera mpaka magazi ayamba kuwawasa. Pamenepo palibe za pakhomo, n'kuthamanga naye basi.

Ndiye muchite chiyani sabata ino? Imbirani foni dotolo uja mawa lomwe, mumuuze zonse ngati mmene mwandiuzira ine, ndipo konzani ulendo. Kuchoka ku Mwanza kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, mutha kupita mmawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndalama ya ulendo umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe zatayika kale. Tengani botolo lakale lija ngati lilipo, sirinji yomwe mwakhala mukugwiritsa ntchito, ndi botolo lanu kuti aone ndi maso. Mumupemphe akuonetseninso kakokedwe ndi kabayidwe, inu mukuchita iye akuyang'ana. Palibe manyazi pamenepo, ife anamwino omwe timakumbutsana.

Kuika mlingo ndi ntchito ya dotolo wa ziweto, si yanu, si yanganso. Iwo akasintha amasuntha ndi theka kapena yuniti imodzi, n'kudikira pafupifupi sabata kuti aone zotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati Caninsulin akuvuta kupeza, mufunseni za mtundu wina wotchedwa glargine, womwe ambiri amaudziwa ndi dzina loti Lantus. Ndi wa anthu koma madotolo a ziweto amaugwiritsa ntchito kwambiri pa amphaka chifukwa umakhalitsa mthupi. Uja wamkaka wa mzipatala zathu mwa mphaka umatha mphamvu msanga, maola 12 asanakwane. Mapiritsi anu a shuga monga metformin musamupatse. Kunja kunabwera mankhwala akumwa a amphaka a shuga, ku America anawavomereza mu 2022 ndi 2023, koma saperekedwa kwa mphaka yemwe wayamba kale insulini, ndiye mwana wanu asavutike kuwasaka. Ndipo poti tikukamba za mankhwala, awerengi nonse mumve: Panado ndi poizoni kwa mphaka, piritsi limodzi lokha litha kumupha.

Mukakonza zinayi zija koma shuga osatsikabe, dotolo adzafufuza matenda obisala. Mano owola ndi nkhama zotupa, matenda a mchikhodzodzo, kutupa kwa kapamba, chithokomiro, impso, ngakhalenso kachotupa ka mmutu komwe kamachititsa thupi kukana insulini. Chimodzimodzi ife anthu, malungo, chilonda kapena dzino lowawa zimakweza shuga ngakhale ukumwa mankhwala mokhulupirika. Mumuuzenso ngati Kapitawo anabayidwapo mankhwala a ziwengo kapena a zotupa, chifukwa ena mwa iwo amakweza shuga.

Kuti dotolo akuthandizeni bwino, ngakhale pafoni, gulani kope la sukulu. Tsiku lililonse lembani nthawi yomwe mwabaya, mlingo, zomwe wadya ndi madzi omwe wamwa. Madziwo yezani ndi botolo la theka la lita mmawa, mawa lake muone otsala. Mphaka wa makilogalamu anayi akamamaliza pafupifupi botolo lonselo patsiku, shuga sanagonje. Madzi akayamba kutsala ambiri ndiye kuti zikuyenda. Kamodzi pasabata muyezeni kulemera. Muikeni mkachikwama n'kupachika pasikelo ya ogula nandolo ija. Kope limeneli limanena zoona kuposa kuyeza magazi kamodzi kuchipatala, chifukwa mphaka akachita mantha ndi ulendo wa pa minibasi shuga wake amakwera yekha kwa kanthawi.

Ngati muli ndi kamakina koyezera shuga, kathanso kuthandiza. Kadontho ka magazi amakatenga mmphepete mwa khutu, ndipo dotolo akuonetsani. Kwa mphaka yemwe ali pa insulini, manambala a pakati pa 90 ndi 270 ndi omwe timafuna masana ambiri, kapena 5 mpaka 15 ngati makina anu ndi a manambala aang'ono aja. Mukapeza pansi pa 70, kapena pansi pa 4, musabaye, mpatseni chakudya ndipo imbani foni. Kobayira chala kakhale kake, osabwerekana.

Nkhani yolimbikitsa ndi iyi. Kufooka kwa miyendo yakumbuyo, kuja amayenda zidendene zikugunda pansi, ndi mitsempha yomwe shuga waipweteka, ngati dzanzi lomwe anthu a shuga amamva kumapazi. Shuga akakhazikika, amphaka ambiri miyendo imabwereramo pakapita sabata kapena miyezi. Komanso amphaka ena akadya moyenera n'kulandira insulini mwandondomeko, kapamba amapumula mpaka jakisoni osafunikanso. N'chifukwa chakenso kuyezetsa pafupipafupi n'kofunika, poti mlingo womwe unali wabwino mwezi watha utha kukhala wochuluka mwezi uno.

Za alamu anu ndi onong'onawo, musataye nazo tulo. Ng'ombe timazibaya, agalu timawabayitsa katemera wa chiwewe, nkhuku timazipatsa wa chitopa, nanga ufiti ukubwera pati pa mphaka? Muwauze kuti insulini yemwe akukusungani moyoyu anatulukiridwa mu 1921 ku Toronto, mdziko la Canada, pamene Frederick Banting ndi Charles Best ankayesera pa agalu, ndipo mu January 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa. Kwa zaka zambiri insulini wa anthu ankachokera mkapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Ziweto zinatithandiza ife poyamba. Mphaka yemwe wakutetezerani chimanga zaka 11, n'kumakuchezetsani pamene nyumba yangoti zii, sali wotaya kutchire. Mukapita mukamubayitsenso katemera wa chiwewe ngati papita chaka.

Komabe ndikuuzeni chilungamo ngati mnzanu. Chisamaliro chimenechi chimafuna ndalama mwezi ndi mwezi komanso munthu wopezeka pakhomo mmawa ndi madzulo. Khalani pansi ndi ana anu, pafoni pomwepo, muwerengere mtengo wa botolo, masirinji, chakudya ndi maulendo, ndipo anene poyera ngati angakwanitse. Phunzitsaninso munthu wina mmodzi kubaya, wa tsiku lomwe mwapita kumaliro kapena kokaoda katundu. Zikakanika, kapena dotolo akaona kuti mphakayo akungozunzika, pali jakisoni womugoneka mwamtendere wopanda ululu, ndipo kusankha zimenezo si nkhanza. Nkhanza ndi tameki. Imfa yake ndi yowawa, ndipo poizoni ameneyu akakhala pakhomo amathera mkamwa mwa nkhuku, agalu ngakhale ana. Chomwe sindilola n'choti musunge mphaka pogulitsa maso ndi impso zanu. Kapitawo akufunika mayi ake ali amoyo.

Mundilemberenso pakatha mwezi, ndimve za odwala onse awiri.

Nyerere pamkodzo wa bambo

A Namwino,

Bambo anga a zaka 66 akumadzuka kasanu usiku kukataya madzi, ndipo pomwe akodza pamadzadza nyerere. Aonda, akumangodandaula ludzu ndi maso kuchita chifunga. Kuchipatala akukana, akuti ndi ukalamba chabe, ndipo akumwa madzi a masamba owawa omwe anawapatsa anzawo. Nditani?

Mnyamata wodandaula,
Thambani.

Zikomo achimwene,

Nyerere sizinama. Impso zimayamba kutaya shuga mumkodzo pokhapokha akachuluka kwambiri mmagazi, ndiye pofika poti nyerere zizindikire, matenda apita kale patali. Ukalamba suchititsa munthu ludzu lotere. Apite akayezetse sabata ino. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo ngati zoyezera palibe akutumizani kuchipatala chachikulu cha boma ku Mwanza. Apite mmawa asanadye kanthu. Kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka pachala, mphindi imodzi yatha. Munthu asanadye, shuga akafika 126 kapena kuposa, komwe ndi 7 pa makina enawo, ndipo zikabwerezeka, ndiye kuti ndi matenda a shuga. Akawayezenso BP, mapazi ndi maso.

Muwauze bambo kuti sali okha. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Ambiri amayamba ndi mapiritsi chabe komanso kusintha kadyedwe: nsima ya mgaiwa yochepa, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, kusiya zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi. Manachesi athuwa adye limodzi kapena awiri, osati beseni. Za masamba owawazo, kuwawa kwa mkamwa sikutanthauza kuti shuga watsika mmagazi, ndipo ena mwa masambawo amalemetsa impso zomwe zatopa kale. Akapita atenge masambawo akawaonetse adokotala.

Akuluakulu sakonda kulamulidwa ndi ana awo, ndiye musakangane nawo pagulu. Pezani munthu yemwe amamumvera, kaya malume, kaya mkulu wa mpingo, kaya mlangizi wa zaumoyo wa mmudzi mwanu, ndipo muwaperekeze nokha panjinga. Inunso mukayezetse tsiku lomwelo chifukwa matendawa amayenda mmagazi a pabanja. Akayamba kusanza, kusokonezeka mutu kapena kugona kosadzuka, musadikire kuti kuche.

Kwa lero tilekeze pomwepa. Pitirizani kulemba makalata anu, ndipo amene simufuna kuti dzina lanu lituluke nenani. Tikumanenso Lamulungu likudzali.